Bala losokedwa kuphazi: ndidaive Loweruka ku Cape Maclear kapena ndidikire?

Tiyamike
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna maganizo a inu amene mumalowa pansi pa nyanja. Lachiwiri madzulo ndinaponda botolo losweka kuseri kwa nyumba, linandicheka phazi lamanzere pafupi ndi chidendene. Kuchipatala anandisoka masitichi anayi n'kundiuza kuti ndibwerere pakatha masiku 10 kuti akachotse ulusi. Podzidzimuka paja ndinabinyanso kakolo, watupa pang'ono koma ndikuyenda, motsimphina choncho. Tsono Loweruka lino tinapangana ndi anzanga a kuntchito zopita ku Cape Maclear, ndipo ndalama za madaivi awiri ndinalipira kale, ku Otter Point ndi ku Thumbi. Balalo ndi louma, silikutuluka mafinya, limangopweteka ndikaliponda. Kodi nditamata pulasitala wosalowa madzi n'kuvala buti pamwamba, pali choopsa? Satifiketi yanga ya daivi ndi ya Open Water, ya oyamba kumene, sitipitirira mamita 18. Tibwerera ku Lilongwe Lamlungu m'mawa.

Gift K.
Asisi, pitani. Masitichi anayi si opaleshoni. Matani pulasitala, kulungani jumbo, valani sokosi kenako buti. M'madzi simuponda pansi, mumangoyandama, phazi silinyamula thupi. Komanso madzi a ku Thumbi ndi oyera mbee, nsomba za mbuna mumaziona zili patali. Ndalama zikuvuta masiku ano, musazitaye chifukwa cha kabala.

Nesi Nachisale
Achemwali, musalowe. Ine ntchito yanga ndi kutsuka zilonda tsiku ndi tsiku, ndiye mundimvere. Ulusi umangogwirizitsa milomo ya bala, sulitseka. Paliponse pamene singano inadutsa pali kabowo, ndipo madzi amatsata ulusiwo mpaka m'kati. Phazi likakhala m'madzi mphindi 40 khungu limafewa n'kuyera, ulusi umayamba kudula mnofu wofewawo, bala n'kuyasama. Inu mukunena kawiri tsiku limodzi.

Za pulasitala, a Gift, amene timagula m'mafamase anapangidwira kusamba kubafa. Mu buti ya daivi madzi amalowa, ndi mmene inapangidwira, ndipo phazi likamamenya fini, chipsepse chija timavala kuphazi posambira, limangopindika nthawi yonse. Pulasitala amamatuka. Jumbo ndiye yoipitsitsa, chifukwa madzi akangolowamo imawasunga pabala pomwepo.

Kuyera kwa madzi n'kwa maso. M'nyanja ndi m'mitsinje ya madzi opanda mchere mumakhala kachilombo kotchedwa Aeromonas. Kakalowera pabala sikachedwa, tsiku limodzi kapena awiri phazi latupa, lafiira, likutentha. Choipa chake, mankhwala amene anthu amathamangira kugula, monga amoxicillin, nthawi zambiri sakagwira kachilomboka. Ndipo pansi pa phazi ndi malo ochedwa kupola kale, n'chifukwa chake ulusi wa kuphazi timadikira masiku 10 mpaka 14 pomwe wa kunkhope timachotsa pa masiku 5.

Ndifunseko ziwiri. Jekeseni wa kafumbata anakubayani? Nanga muli ndi matenda a shuga?

Tiyamike
Zikomo anesi. Wa kafumbata anandibaya tsiku lomwelo. Shuga ndilibe. Ndikumwa Brufen chifukwa cha kakoloyu, ndikamwa ululu umatheratu.

Amalume a ku Senga Bay
Ana anga, ndilankhuleko ine wachikulire. Ine ndinagwira ntchito yogwira nsomba zokongola zija zotumiza kunja. Tinkalowa ndi paipi ya mpweya yochokera ku kompuresa ya m'boti, kaukonde m'manja, kuthamangitsa mbuna m'mapanga a miyala ku Maleri ndi ku Mbenji. Manja athu sankakhala opanda mabala. Tikanati tizidikira bala lililonse lipole, ana akanagona ndi njala. Choncho sindinganame kuti kabala kalikonse n'koletsa munthu kulowa m'madzi.

Koma tinkasiyanitsa. Mwala ukakukala pamkono, umalowa, potuluka n'kutsuka bwino ndi sopo ndi madzi owiritsa. Bala lakuya ayi. Mnzathu wina anabayidwa ndi munga wa nkholokolo pachala pomasula ukonde. Kabowo kake kanali kochepa, magazi osatuluka n'komwe, iye n'kumalowabe. Dzanja linatupa mpaka m'chigongono, mizere yofiira ikukwera ndi mkono, anakagona m'chipatala milungu ingapo akumufinya mafinya. Chalacho sichinapindikenso mpaka lero, ntchito ya ukonde inathera pomwepo.

Ife tinkalowa chifukwa cha nsima. Inu mwana wanga mukupita kukasangalala, palibe amene agone ndi njala mukapanda kulowa. Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula.

Gift K.
Amalume ndakumvani, koma munga wa nsomba uli ndi zake zoipa. Apa ndi galasi, bala analitsuka kuchipatala, ndi loyera. Mnzanga wina analowa ndi bala pabondo, anamata pulasitala, palibe chinachitika. Ngati vuto ndi kunyamula katundu, anyamata a m'boti atha kuwavalitsa a Tiyamike thanki ya mpweya ali kale m'madzi.

Nesi Nachisale
Bala loyera ndi limene tikufuna likhalebe loyera, a Gift. Mnzanuyo anali wosokedwa?

Gift K.
Ayi, kunali kusupuka chabe.

Kondwani wa ku Nkhata Bay
Pepani ndachedwa, ndinali panyanja ndi ophunzira. Ine ndimaphunzitsa daivi, ndipo a Tiyamike mutabwera kwa ine ndi phazi limenelo sindingakukwezeni boti ngati wodaiva. Za bala anesi amaliza. Ine chikundidetsa nkhawa kuposa balalo ndi kakoloyo pamodzi ndi Brufen mukumwayo. Mundilole nditalikitse.

Munaphunzira kuti pa mamita 18 mpweya umene mukupuma ndi wothinana pafupifupi katatu kuposa wa pamtunda, ndipo nayitrojeni amasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Pokwera amayenera kutuluka pang'onopang'ono kudzera m'mapapo. N'chifukwa chake sitikwera mothamanga ndipo timaima mphindi 3 pa mamita 5. Akapanda kutuluka bwino amapanga timathovu, monga zimachitikira mukatsegula botolo la Fanta mwaphuma, ndiye matenda aja timati DCS. Chizindikiro chake chofala kwambiri ndi kupweteka m'malo olumikizira mafupa, paphewa, m'chigongono, pabondo, nthawi zina dzanzi kapena kutopa kosadziwika bwino. Sizibwera nthawi yomweyo, zitha kuyamba patapita maola.

Tsono taganizani. Loweruka usiku mwendo wamanzere wayamba kuwawa, chala chachita dzanzi. Ndi kubinya kuja, kapena ndi bala layamba kutukusira, kapena ndi DCS? Inuyo simungadziwe, ine sindingadziwe, ngakhale dokotala wa ku Monkey Bay avutika kusiyanitsa. Ndipo mtima wa munthu umathamangira kunena kuti aa, ndi kakolo uja, ndigone zitha. Mukamwa Brufen, ululu umene ukanakuchenjezani umabisika. Pa DCS maola oyambirira ndi amene ali ofunika, munthu amayenera kupatsidwa okosijeni msanga. Madokotala a za daivi amachenjezanso kuti pamalo potupa magazi sayenda bwino, choncho si nzeru kulowa pali chotupa chatsopano.

Chachiwiri, anthu ambiri amaiwala kuti nyanja yathu ili pamtunda. Pamwamba pa madzi a nyanja ya Malawi ndi pafupifupi mamita 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo matebulo owerengera nthawi yokhala pansi pa madzi a PADI, bungwe lophunzitsa daivi, amati kupitirira mamita 300 ndi daivi ya kumtunda, imafuna kuwerengera kwake. Makompyuta ambiri a pamkono amadzikonza okha, ena umachita kuwauza. Ndiye kuno timayamba ndi malire othina kale kusiyana ndi anzathu a ku Pemba kapena ku Zanzibar.

Chachitatu, kuno ku Malawi tilibe chipinda chija amatsekeramo wodwala DCS n'kukweza mphamvu ya mpweya kuti timathovu tisungunuke. Zikavuta ndi nkhani ya ndege yopita kunja. N'chifukwa chake ife aphunzitsi a kuno timaoneka ngati okhwimitsa zinthu. Sitikufuna kukayikira kulikonse tikatuluka m'madzi.

Za kuvala thanki m'madzi, a Gift, n'zotheka ndithu, timachitira anthu a msana. Koma potuluka munthu amakwera makwerero a boti ndi phazi lomwelo, ndipo uno ndi Julaye, mwera ukuwomba, boti limavina. Thanki ndi lamba wa zitsulo ndi jekete pamodzi zimakwana makilogalamu 20. Fini nayo imakoka pachidendene penipeni pamene pali ulusipo. Komanso daivi si ya munthu mmodzi. Mnzanu mpweya ukamuthera kapena mwendo ukamugwira, ndinu amene mumukoke mpaka kuboti. Ndi mwendo umodzi mungathe? Amene mulowe nayeyo akhala akudalira munthu amene sangamuthandize, iye osadziwa.

Yamikani ku Joburg
Achimwene a Kondwani anena zoona. Ine ndimadaiva ku Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal, kuno zipinda zimenezo zilipo, ku Durban, ku Cape Town, ndi kuno ku Gauteng, koma ngakhale choncho akakuona ndi masitichi sakulola. A DAN Southern Africa, bungwe lothandiza odaiva pa ngozi, ali ndi foni yoyankha usana ndi usiku, ndipo atha kukulumikizani ndi dokotala wodziwa za daivi. Amene mumalowa pafupipafupi kumudziko ganizirani zolembetsa inshulansi yawo, chifukwa ndege yonyamula wodwala kuchoka ku Malawi kufika kuno si ndalama yoti munthu wamba angatulutse m'thumba.

Chisomo_M
Koma ine ndinamva kuti madzi a mchere amapoletsa mabala. Ndiye akanakhala ku nyanja yamchere bwenzi zili bwino?

Yamikani ku Joburg
Ayi asisi. Madzi amchere otsukira bala kuchipatala ndi ophikidwa, opanda tizilombo. M'nyanja yamchere muli tizilombo take, Vibrio, toopsa kwambiri pabala lotseguka.

Mayi a Dalitso
Ine kwathu ndi ku Chembe konko. Nanga likodzo simukulitchula bwanji? Kuno ana ambiri amakodza magazi. Munthu wa bala si ndiye tizilomboto tilowa mosavuta?

Nesi Nachisale
Amayi, mwafunsa bwino. Likodzo silidikira bala. Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kuboola khungu labwinobwino, choncho wa bala ndi wopanda bala onse atha kulitenga. Kale anthu ankati lili m'mabango ndi m'madzi odekha mokha, koma ofufuza anapeza kuti ku Chembe kuli mtundu wa nkhono wokhala pamchenga poyera umene umafalitsanso matendawa, ndipo anaona kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a m'mphepete. Kumadzi akuya a kumiyala chiopsezo n'chochepa kusiyana ndi kugombe la mudzi kumene anthu amasamba ndi kuchapa, koma boti mumakwerera kugombe komweko.

Amene mupite nonse, mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi. Musamwe tsiku lomwe mwatuluka m'madzi, sagwira tizilombo tikadali tating'ono. Dikirani milungu 6 mpaka 8, pitani kuchipatala.

Mayi a Dalitso
Zikomo anesi. Alendo ambiri amagula mapilitsiwo n'kumwa akukwera galimoto, ndiziwauza.

Tiyamike
Ndawerenga zonse, ndipo ya mnzanga wolowa naye yandigwira mtima. Ndimayenera kulowa ndi mtsikana amene wangomaliza kumene maphunziro, amati akudalira ine. Nanga nditangosambira pamwamba ndi masiki ndi kapaipi kopumira, osamira? Ku Thumbi mbuna zimaoneka ngakhale uli pamwamba.

Kondwani wa ku Nkhata Bay
Kumbali ya DCS pamenepo palibe vuto. Koma madzi ndi omwewo, ayankhe anesi.

Nesi Nachisale
Madzi ndi omwewo, ulusi ndi womwewo. Phazi lisanyowe, achemwali. Ngakhale pokwera boti, musaponde m'madzi. Auzeni alikokere pamchenga kapena anzanu akunyamuleni. Mchenga nawonso usalowe pabandeji, valani nsapato yotseka osati patapata. Tengani bandeji ina yapadera. Likanyowa mwangozi, masulani nthawi yomweyo, tsukani ndi madzi a m'botolo, umitsani, mangani yatsopano.

Bambo Zimba
Ine sindidaiva, ndimangokonda kuwerenga za pagulu pano. Koma ndinapitako ku Thumbi pa boti ndi banja, sitinalowe m'madzi ndipo sitinadandaule. Anyamata a boti amaimba likhweru n'kuponya kansomba, nkhwazi imachoka mumtengo n'kudzakatola pafupi ndi boti penipeni, mumamva mapiko ake. Mbuna zabuluu ndi zachikasu zimaoneka uli m'boti momwemo. Si pachabe malo aja anawapanga paki mu 1980, a UNESCO n'kuwalemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pitani ndithu mwana wanga, mungosiya zomirazo.

Gift K.
Chabwino, za masitichi ndagonja, anesi andiposa. Koma a Kondwani, pa za kumtunda mwawonjeza. Anthu angati amadaiva ku Cape n'kuyendetsa galimoto kubwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo? Ine sindinamvepo wina atadwala.

Kondwani wa ku Nkhata Bay
Mwandikumbutsa chinthu chimene ndimafuna kuwauza anzawo a Tiyamike amene alowewo. Ndi zoona a Gift, ambiri amafika bwinobwino, makamaka ngati madaivi anali osazama. Sindikutsutsa. Koma taonani manambala. Lamulo la odaiva limati musanakwere ndege dikirani maola 12 mukalowa kamodzi, maola 18 mukalowa kangapo. Chifukwa chake n'chakuti m'ndege mpweya ndi wopepuka, wofanana ndi wa paphiri. Tsono mukachoka ku Monkey Bay kudzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwelere, mumachoka pa mamita 470 kufika cha ku Dedza pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chikwezacho mumachimaliza mosakwana ola. Thupi silidziwa kuti lakwera pa galimoto kapena pa ndege. Kudzera ku Salima kukwera kwake n'kwapang'onopang'ono, koma Lilongwe nayo ili kupitirira mamita 1,000. Kuno kwathu n'chimodzimodzi, wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu ndimamuuza agone kaye.

Ngati daivi yachiwiri atuluka 2 koloko masana Loweruka, maola 18 akwana 8 koloko m'mawa Lamlungu. Asanyamuke mbandakucha, adye kaye kadzutsa. Ndipo usiku wa Loweruka mowa achepetse, amwe madzi ambiri.

Gift K.
Ine ndikuonabe kuti maola 18 ndi a ndege, pa msewu n'kukhwimitsa. Koma kugona ku Cape usiku wina si chilango, ndiye sindilimbana nazo.

Amalume a ku Senga Bay
Ife kale zimenezi sitinkazidziwa, panalibe wotiuza. Munthu akatuluka akudandaula phewa tinkati ndi nyamakazi kapena wagwidwa ndi mphepo ya panyanja, n'kumuthowa ndi madzi otentha. Pano ndikamamva a Kondwani ndimakumbukira anzanga ena amene anayamba kutsimphina ali anyamata. Achinyamata muli ndi mwayi, muli ndi okuphunzitsani.

Kondwani wa ku Nkhata Bay
Amalume, madzi otenthawo ndi amene timaletsa masiku ano, amatha kuwonjezera vutolo. Munthu agone chagada, apume okosijeni, amwe madzi ngati akutha kumeza, ndipo muimbe foni. Musamubwezere m'madzi kuti akamalizire kutulutsa mpweya, ena amatero koma n'zoopsa. Ndipo musanakwere boti lililonse la daivi funsani ngati muli botolo la okosijeni. Funsani ndithu, si mwano.

A Tiyamike, za ndalama zanu, imbirani kumene munalipirako lero lomwe, osadikira Loweruka. Auzeni zoona, kuti mwasokedwa. Ambiri a ife timasuntha tsiku popanda kudula kanthu munthu akanena msanga, chifukwa malo akewo titha kupatsa wina. Amene amataya ndalama ndi amene amafika pagombe ndi bandeji boti litadzaza kale mafuta. Muwauzenso za mtsikana watsopanoyo kuti amuike pafupi ndi wotsogolera daivi.

Tiyamike
Ndaimba. Avomera kusunga ndalama zanga mpaka Okutobala, ati nthawi imeneyo mwera umakhala utaleka ndipo madzi amakhala atafunda. Mtsikana uja alowa ndi wotsogolera. Ine ndipita nawo koma ndikhala m'boti, ndipo anzanga ndawatumizira za maola 18 zija, tidzanyamuka 9 koloko Lamlungu. Anesi, funso lomaliza. Akachotsa ulusi ndingayambe liti kusambira, ngakhale pa dziwe la kuno ku tauni?

Nesi Nachisale
Osati tsiku lomwelo. Akachotsa ulusi timabowo timakhala tisanatsekeke, ndipo bala la pansi pa phazi litha kuyasamanso. Dikirani mpaka nkhanambo itagwa yokha, khungu litagwirana lonse, popanda ponyowa, ndipo mukutha kuponda ndi thupi lonse osamva kuwawa musanamwe mankhwala alionse. Kwa ambiri ndi sabata imodzi kapena ziwiri ulusi utachoka, koma amene akuchotseniyo aone ndi maso ake, mumufunse. Kakoloyo muzimuika pamwamba mukakhala pansi. Ngati pofika tsiku lochotsa ulusi akadali wotupa kapena mukulephera kuponda bwino, apempheni amuunike.

Ku Cape konko mukaona kufiira kukufalikira kuchoka pabala, kutentha thupi, kapena fungo, musadikire kubwerera ku Lilongwe. Chipatala cha ku Monkey Bay chili pafupi, ndipo mukawauze ngati phazilo linakhudza madzi a m'nyanja, chifukwa zimenezo zimasintha mankhwala amene angakupatseni.

Kondwani wa ku Nkhata Bay
Ndipo Okutobala isanafike, valani fini pa dziwe mumenye maulendo angapo. Kakolo wobinya amatha kuoneka kuti wapola poyenda koma n'kuyamba kuwawa pa fini. Lamba wa fini akamakhula pachipsera, valani sokosi yopyapyala m'kati mwa buti.